Laisensi ya njinga yamoto: poyambira, podzera, ndi zimene amayesa m'maiko ena

Tsiku la msika pa Lizulu, mukaima pafupi ndi milu ya kabichi ndi mbatata ya kachewere n'kuyamba kuwerenga njinga zamoto zodutsa, zala zimatha musanamalize chimanga chimodzi chowotcha. Ina yasenza matumba awiri a mbatata, ina mayi wobereka mwana, ina yangodumpha msewu kuchokera tsidya lija, kumene ndi ku Mozambique kale. Ndakhala pa kabaza m'dera lino zaka zingapo, ndipo ndikudziwa mmene ambiri a ife tinaphunzirira. Mnzako amakutengera pa bwalo la mpira madzulo, amakuonetsa kalachi ndi giya, umazungulira katatu, m'mawa mwake uli pa M1 wanyamula munthu. Nanenso ndinayamba choncho. Ndalemba izi kwa inu aphwanga amene muli pa siteji opanda laisensi, komanso amene mtima uli ku Joni kukagwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga.

Yambani ndi kugwada pambali pa injini

Musanawononge ndalama ya minibasi, gwadani pambali pa njinga yanu muwerenge nambala imene inadindidwa pa chitsulo cha injini, kapena onani pa mapepala amene munalandira pogula. Sitika ya pa thanki musaikhulupirire, aliyense akhoza kumata. Mupeza 100, 110, 125, 150 kapena kuposera apo. Nambala imeneyi ndi kukula kwa injini, okonza njinga amati ma cc, ndipo ndi imene ikuuzeni laisensi yoti mukatenge.

Kwathu kuno malaisensi a njinga yamoto alipo awiri. A1 ndi ya njinga yosapitirira 125cc, ndipo munthu angaitenge akakwana zaka 16. A ndi ya njinga yoposa 125cc, imeneyi imafuna zaka 18. Wa A akhoza kuyendetsanso yaing'ono, koma wa A1 akakwera ya 150 ndiye kuti akuyendetsa chinthu chimene laisensi yake sikumulola. Apa m'pamene ambiri amapusitsika, chifukwa kuno kumapiri timakonda za 150 kuti zizikwera zitunda za ku Tsangano ndi ku Bembeke zili ndi katundu. Ngati zaka 18 munakwanitsa, pitani pa A kamodzi n'kamodzi, musadzabwerere kawiri. Ndipo inu akuluakulu amene muli ndi laisensi ya B ya galimoto, dziwani kuti imeneyo sikhudza njinga yamoto ngakhale pang'ono.

Njinga nayo ikhale ndi mapepala ake. Zambiri za kuno zinalowa kuchokera ku Angónia, zina zinagulidwa ku Vila Ulónguè n'kudzera njira za kumunda. Njinga yotero iyenera kuyamba yalipiridwa msonkho ku MRA, kenako ilembetsedwe kuti ilandire nambala, idulidwe inshuwalansi ya third party imene lamulo limafuna pa chilichonse choyenda ndi injini pamsewu, ndipo ikhale ndi COF yosonyeza kuti ili bwino. Laisensi ndi ya inu, mapepalawa ndi a njinga. Pa rodibuloko amafunsa zonse ziwiri.

Ulendo wa ku Road Traffic

Malaisensi amapereka ndi a Directorate of Road Traffic and Safety Services, amene tonse timangoti a Road Traffic. Wochokera pa boma la Dedza, Lilongwe ndiye pafupi, makilomita pafupifupi 85. Wa ku Ntcheu akhoza kusankha pakati pa Lilongwe, Zomba ndi Blantyre, malinga ndi kumene ali ndi mbale womusunga usiku. Nyamulani chitupa cha unzika, ndipo mulawire kuti dzuwa likamatuluka mukhale muli m'njira.

Choyamba kumeneko ndi kulembetsa dzina lanu mu kompyuta yawo yotchedwa MalTIS. Amakujambulani chithunzi, amatenga zidindo za zala, ndipo mumalandira khadi yotchedwa Traffic Register Card. Chilichonse chimene mudzachite pambuyo pake, kaya ndi mayeso, kaya ndi kulembetsa njinga, chimamangirira pa khadi imeneyi. N'chifukwa chake ndikuti madobadoba muwapewe. Munthu akakuuzani kuti mungomupatsa ndalama ndi chithunzi, laisensi akubweretserani kumudzi, dzifunseni kuti zala zanu apita nazo bwanji. Khadi imene siili mu kompyuta ndi pulasitiki chabe, ndipo akakugwirani nayo mlandu wake umaposa wa munthu wopanda laisensi. Ndalama iliyonse imene mukulipira ikhale ndi lisiti, ndipo malisitiwo muziwasunga mu jumbo kuti asanyowe.

Ndikudziwa kuti chimene chimatibweza ambiri ndi ndalama, pakuti pali ya khadi, ya mayeso, ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa, kuwonjezapo maulendo. Pa siteji yathu tinachita chipereganyu: aliyense amaponya kangachepe madzulo, mwezi ukatha mmodzi kapena awiri amapita. Zimatenga nthawi, komabe zimatheka, ndipo amene wabwerako amakhala mphunzitsi wa otsala.

Mayeso a Highway Code

Asanakupatseni chiphaso cha wophunzira amayeza maso, kenako mumalemba mayeso a malamulo a pamsewu pa kompyuta. Pezani kabuku ka Highway Code ndipo mukawerenge kwenikweni, milungu iwiri kapena itatu, osati m'minibasi popita. Anyamata ambiri amalephera apa poganiza kuti poti akhala pamsewu zaka zitatu ndiye kuti malamulo akuwadziwa. Koma ku Dedza ndi ku Ntcheu kuno zinthu zina sitikumana nazo tsiku ndi tsiku, monga maloboti ndi misewu ya mizere ingapo, pamene mafunso ake amabwera ndithu.

Zikwangwani zigwireni ndi maonekedwe ake musanaloweze chimodzichimodzi. Cha makona atatu chokhala ndi mkombero wofiira chimachenjeza za chimene chili kutsogolo: kona, mlatho, ana a sukulu, ng'ombe. Chozungulira cha mkombero wofiira chimaletsa. Chozungulira cha buluu chimalamula. Cha makona atatu chozondoka chimati patsani njira. STOP ndi kuima zenizeni, matayala asiye kuzungulira, phazi lifike pansi. Pa raundabauti mumapatsa njira wochokera kudzanja lamanja. Mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu sudumphidwa popitirira galimoto ina. Ngati kompyuta simunaigwirepo, pemphani wina akuonetseni mmene amasankhira yankho tsikulo lisanafike, chifukwa mantha a makinawo okha amagwetsa anthu odziwa. Funso lililonse muliwerenge kawiri, pakuti ena amafunsa chimene simuyenera kuchita, inu n'kuthamangira kusankha choyenera.

Nthawi ya L: apa ndiye pagona nkhani

Mukakhoza mumakhala wophunzira, amene chizindikiro chake ndi chilembo cha L, ndipo mumalembetsa ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa yovomerezeka ndi boma. Ambiri nthawi imeneyi amaiona ngati yongodikira tsiku la mayeso omaliza. Ine ndimati ndiyo mtima wa nkhani yonse. Mphwanga wina atalephera mayeso ku South Africa, ndinayamba kufufuza zimene maiko ena amayesa, ndipo ndinadabwa kupeza kuti palibe dziko limene limakupatsa laisensi chifukwa chothamanga. Onse amafuna kuona ngati ungayende pang'onopang'ono osagwa, ngati ungaime msanga, ndi ngati umacheuka. Izi ndi zimene pa bwalo la mpira paja sitinaphunzitsane. Tengani mayeso awowo muwasandutse zoyeserera zanu, zida zake ndi phulusa ndi mabotolo basi.

Ku Japan ali ndi kamlatho ka chitsulo kotalika mamita 15, m'lifupi mwake masentimita 30 okha. Wofuna laisensi ya njinga yofika 400cc ayenera kutha masekondi 7 kapena kuposa ali pamwamba pake, wa njinga zikuluzikulu masekondi 10. Kugwa pa kamlathoko ndi kulephera pomwepo. Inu thirani mizere iwiri ya phulusa pabwalo, yotalikirana ngati rula ya mwana wa sukulu, kutalika kwake mapazi akuluakulu 15. Lowani ndi giya wani. Kalachi muigwire theka, mafuta pang'ono osasinthasintha, phazi lamanja likhudze buleki ya kumbuyo mopepuka. Mawondo akanikize thanki. Maso asayang'ane thayala, ayang'ane mtengo umene uli patsogolo patali, chifukwa njinga imapita kumene maso apita. Wina aziwerenga masekondi. Tsiku loyamba mudzatuluka mu mzere musanafike pakati, ndipo zisakukhumudwitseni. Luso limeneli ndi limene limakudutsitsani pakati pa anthu tsiku la msika osagunda dengu la tomato la mayi wina, ndi pa milatho ya mitengo ya kumidzi nthawi ya dzinja.

Ku Britain gawo loyamba la mayeso oyendetsa limachitikira pabwalo lotchingidwa. Umayamba ndi kukankha njinga ili yozima n'kuiimika bwino, kenako kukhotakhota pakati pa zizindikiro, kulemba nambala 8 ndi matayala, ndi kutembenuka kubwerera kumene wachokera osatsitsa phazi. Dzazani mchenga m'mabotolo asanu, muwandandalike motalikirana mapazi anayi kapena asanu, muzikhota pakati pake. Potembenuka, mutu uyambe ndiwo kutembenukira kumene mukufuna kupita, njinga idzatsatira. Buleki ya kutsogolo musaigwire chiwongolero chili chokhota pa liwiro laling'ono chonchi, mudzapezeka pansi.

Tsopano za kuima mwadzidzidzi, ndipo apa ndikupempha mumvetsere. Ku Britain woyesedwa amayenera kufika pa liwiro la makilomita 50 pa ola, makina amayeza, woyesa n'kukweza dzanja kuti aime. Ku South Africa nakonso, pa mayeso awo otchedwa K53, kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba chinthu mwadzidzidzi zilipo. Ife kuno tinauzana bodza lakuti buleki ya kutsogolo imagwetsa, mpaka ena waya wake anaduka kalekale osaulumikiza. Zoona zake n'zakuti pa phula louma mphamvu yambiri yoimitsa njinga, pafupifupi magawo 70 pa 100, ili kutsogolo, chifukwa ukamaima kulemera konse kumathamangira pa thayala la kutsogolo, la kumbuyo n'kupepuka.

Ndinaziphunzira ndi thupi langa potsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Ndinali ndekha, mwamwayi. Nditangotuluka pa kona, mbuzi ziwiri zinali pakati pa msewu. Ndinaponda buleki ya kumbuyo yokha ndi mphamvu zonse monga ndinazolowera. Thayala linauma, linayamba kukwekwereza pa timiyala ta m'mbali, kumbuyo kwa njinga kunabwera chammbali, ndipo ndinapezeka ndikutsetsereka pa phula, buluku litang'ambika, bondo lili magazi okhaokha. Mamita ochepa kutsogolo kwanga kunali phompho. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero.

Yeserani chonchi, pa msewu wowongoka wopanda anthu. Yambani ndi liwiro la makilomita 20 pa ola. Tsekani mafuta, finyani buleki ya kutsogolo ngati mukufinya ndimu, kuyamba pang'ono n'kumawonjezera, osati kuitsakamula kamodzi. Nthawi yomweyo phazi likanikize ya kumbuyo mosapitirira. Njinga ikhale chilili, maso kutsogolo, kalachi muigwire mukatsala pang'ono kuima. Ikani chizindikiro pamene mwaimira, mubwereze mpaka mtundawo ufupike, kenako mukwere pa 30, pa 40. Mudzaona nokha kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa 50 njinga imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndiye kuti mwana akatulukira kuseri kwa minibasi yoima pa Kampepuza, musanakhudze n'komwe buleki mwayenda kale utali wa nyumba. Pa fumbi, pa matope ndi pa timiyala, dzanja la kutsogolo lifewe kwambiri ndipo muyambe kuima kutali.

Kunyamuka pa chitunda ndi china chimene a K53 amayesa, ndipo njinga ikangobwerera m'mbuyo walephera. Kwa ife a kumapiri ichi ndi chakudya cha tsiku lililonse. Phazi lamanzere pansi, lamanja ligwire buleki ya kumbuyo, onjezani mafuta, masulani kalachi pang'onopang'ono mpaka mumve njinga ikukoka, pamenepo ndiye musiye buleki.

Mphwanga uja chimene chinamugwetsa ku Joni ndi kusacheuka. Anayendetsa bwino zonse, koma kumeneko nthawi iliyonse usananyamuke, usanakhote, usanasinthe mbali ya msewu, woyesa amafuna aone mutu wako ukuyang'ana pa galasi, kenako ukucheukira paphewa. Ukaiwala amakudula mapointi mpaka atakwana olepherera. Ku Britain kucheuka komaliza usanakhote anakupatsa dzina lotanthauza chopulumutsa moyo. Galasi lili ndi malo amene silionetsa, cha paphewa panu pomwepa, ndipo galimoto yathunthu imabisala pamenepo. Ndikaona anyamata atachotsa magalasi kuti njinga ioneke yatsopano mtima umandiwawa, chifukwa pa M1 timayenda limodzi ndi mathiraki ochokera pa chipata cha Dedza, amene sangaime msanga ngakhale dalaivala atafuna. Bwezerani magalasi onse awiri. Mukafuna kukhotera kumanja kuchoka pa M1, yang'anani pa galasi, yatsani indiketa nthawi ikadalipo, cheukani, ndiye mukhote. Muchite mpaka khosi lizolowere lokha.

Za kunyamula munthu muli wophunzira, langizo langa ndi lakuti musatero, ngakhale ndalama ikusowa. Ku South Africa ndi ku Britain wophunzira saloledwa kukweza munthu. Ku Japan ngakhale utakhoza, chaka choyamba chonse umayenda wekha. Ku Kenya, kumene kabaza amati boda boda, laisensi yonyamulira anthu ili payokha, A3, ndipo imafuna zaka 21. Maiko amenewa anaona kuti munthu wa kumbuyo amasintha zonse: njinga imachedwa kuima, imalemera pokhota, ndipo iye akachita mantha n'kudzuka pa kona, nonse mumapita.

Tsiku la mayeso oyendetsa

Gonani msanga dzulo lake, mowa ayi. Fikani ndi chiphaso cha wophunzira, khadi yanu ndi malisiti onse. Valani nsapato zotseka, buluku lalitali, jekete, ndi chipewa cholimba chomanga lamba pachibwano. Chipewa chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi, ndipo chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba si cha njinga. Ofufuza anapeza kuti chipewa choyenera chimachepetsa kuvulala m'mutu ndi magawo pafupifupi 70 pa 100. Njinga ikhale ndi nyali, maindiketa, hutala, magalasi ndi mabuleki onse awiri ogwira, matayala osatha. Woyesa akamafotokoza mvetserani, pamene simunamve funsani, paja safunsa anadya phula. Musafune kumuonetsa kuti ndinu katswiri. Cheukani moti aone, yatsani indiketa, muizimitse mukatha kukhota, imani pa STOP ngakhale msewu uli mbee. Mukalephera, funsani chimene mwalakwitsa, mukachikonze, mulembetsenso.

Mukafuna kudumpha malire

Maiko a SADC anagwirizana m'chaka cha 1996 kuti azilemekeza malaisensi a anzawo, ndipo zilembo za A1 ndi A mudzazipeza pa makhadi a maiko angapo a chigawo chino. Mozambique, Zambia, Tanzania ndi South Africa onse amayenda kumanzere ngati ife, ndiye dzanja silisokonekera. Komabe wopita mkati mwa Mozambique, monga ku Tete, adzere pa chipata, pa Dedza kapena pa Biriwiri, ali ndi chiphaso choyendera, laisensi ndi mapepala a njinga. Kudumpha msewu pa Lizulu kukagula tomato ndi nkhani ina, kuyenda makilomita ambiri m'dziko la eni ndi inanso. Wofuna laisensi ya komweko adziwe kuti mayeso awo ndi a m'Chipwitikizi.

Inu opita ku Joni, tengani laisensi yanu kuno musananyamuke. Lamulo la ku South Africa limalola laisensi ya dziko lina ngati ili m'Chingerezi, ili ndi chithunzi ndi siginecha ya mwini wake, ndipo sinathe masiku. Makampani operekera zakudya amaifunsa musanayambe ntchito. Mukafuna ya komweko, mlendo amayamba watenga nambala yotchedwa Traffic Register Number, kenako mayeso a wophunzira okhala ndi magawo atatu: malamulo, zikwangwani, ndi ziwalo zoyendetsera njinga. Chiphaso cha wophunzira chimakhala miyezi 24. Mayeso oyendetsa njinga amachitikira pabwalo pokha, salowa mumsewu. Kubwereka akaunti ndi laisensi ya mnzanu, monga ena amachitira ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumaoneka kophweka mpaka tsiku la ngozi, pamene a inshuwalansi adzapeza kuti dzina ndi nkhope sizikugwirizana.

Ku Britain makwerero ake ndi ambiri. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha munthu akakhazikika kumeneko, ndipo saisinthanitsa ndi yawo, umayambiranso pansi. Poyambira ndi maphunziro otchedwa CBT, amene anayamba mu 1990. Ukawamaliza, uli ndi zaka 17 kapena kuposa, umaloledwa njinga yofika 125cc yomata L kwa zaka ziwiri. Mayeso a pa kompyuta ali ndi mafunso 50, ndipo uyenera kukhoza 43. Kenako amakuonetsa timakanema 14 ta pamsewu kuti udine batani ukangoona ngozi ikuyamba. Ukadutsa za pabwalo zija, gawo lachiwiri ndi la mumsewu weniweni, pafupifupi mphindi 40, woyesa akukutsatira m'mbuyo ndi kukulankhula pa wailesi ya m'khutu, ndipo musananyamuke umawerenga nambala ya galimoto ili pa mtunda wa mamita 20. A1 ndi zaka 17, A2 ya njinga zapakati ndi zaka 19, ndipo A ya njinga iliyonse ndi zaka 24, kapena 21 kwa amene wakhala ndi A2 zaka ziwiri.

Khadi yanu ikatuluka, onani tsiku limene idzathe, pakuti ya kuno imakhala zaka zisanu. Lilembeni mu foni ndi pa kalendala ya kunyumba, makamaka inu opita kunja, chifukwa ikathera muli kutali, ulendo wodzaikonzanso ndi wautali. Muziyenda ndi khadi yeniyeniyo m'thumba la mkati mwa jekete, fotokope isiyeni kunyumba pamodzi ndi malisiti aja.